Kabuleta ndi Amisiri Ake: Mbiri ya Luso Lokonza Njinga Zamoto m'Malawi

Pakati pa ntchito zamanja zimene zinadza m'dziko muno pamodzi ndi makina a Azungu, monga ukalipentala, utelala ndi kusindikiza mabuku, ilipo ina imene olemba mbiri sanaipatse ulemu woiyenera, chingakhale inanyamula odwala, inafikitsa alangizi m'midzi yakutali, ndipo lero lino ikudyetsa mabanja osawerengeka. Ntchitoyo ndiyo yokonza njinga zamoto. Tsono munthu wofuna kudziwa m'mene lusoli linayambira, ndi m'mene lasinthira m'mibadwo itatu, angachite bwino kuleka kuyang'ana njinga yonse, nayang'anitsitsa chipangizo chimodzi chokwana m'dzanja, chimene chimakhala pakati pa thanki ndi injini, ndicho kabuleta. Pakuti pa chipangizo chimenechi mpamene mmisiri weniweni wakhala akusiyanitsidwa ndi munthu wongodziwa kugwira sipanala.

Petulo payekha sangayendetse injini, koma ayenera kusanganizidwa ndi mpweya pa muyeso wake, ndipo akatswiri anapeza kuti pa kilogalamu imodzi ya petulo pamafunika mpweya wolemera makilogalamu pafupifupi 15 kuti zonse zipse bwino. Monga mayi wophika nsima adziwa kuti ufa ukachuluka nsima ilimba ngati mwala, ndipo madzi akachuluka isanduka phala, chomwechonso kabuleta iyenera kuyesa ziwirizi mosalakwa, nthawi ya chisanu ndi nthawi ya chilimwe, pokwera phiri ndi potsika. Imachita zimenezi popanda magetsi, potsata lamulo la chilengedwe limene Mtaliyana wina, Giovanni Battista Venturi, analongosola m'chaka cha 1797: kuti madzi kapena mpweya zikamadutsa pa njira yopanikizika zimathamanga koposa, ndipo pamalo pothinapo pamakhala mphamvu yokoka. Injini ikamakoka mpweya kudzera pakhosi pa kabuleta, mphamvu yokokayo imatunga petulo m'kambale ka pansi kudzera pa timabowo ta mkuwa totchedwa majeti, namumwaza mumpweyamo.

M'kambalemo muli fuloti, imene imayandama pa petulo, ndipo akafika pa muyeso wake imakankha kasingano kotseka njira kuti asasefukire. Jeti yaing'ono imadyetsa injini pamene njinga yangoima ili chilirire. Jeti yaikulu imagwira ntchito pa liwiro. Ndipo pakati pa ziwirizi pali singano yaitali yosongoka, yolendewera ku silaidi, imene imakwera wokwerayo akapotoza dzanja lake lamanja, nitsegula njira pang'onopang'ono. Zonsezi munthu angathe kuzimasula pa nsalu yoyera, kuziona ndi maso, kuzipemerera ndi pakamwa, ndi kuzibwezera m'malo mwake dzuwa lisanapendeke. Ichi ndicho chifukwa chake kabuleta yakhalitsa pakati pathu kufikira lero.

Chiyambi cha njinga yamoto ya petulo chili ku Germany, kumene Gottlieb Daimler ndi mnzake Wilhelm Maybach anaika injini ya petulo pa njinga yamatabwa m'chaka cha 1885. Makabuleta oyambirira ankangodutsitsa mpweya pamwamba pa petulo kuti utenge nthunzi yake, ndipo ankavuta kwambiri nyengo ikasintha; koma m'chaka cha 1893 Maybach anakonza kabuleta yopopera petulo pa kabowo, yokhala ndi fuloti, ndipo chaka chomwecho amisiri awiri a ku Hungary, Donát Bánki ndi János Csonka, anakonzanso yofanana nayo. Panthawiyo dziko lino linali litangogwa m'manja mwa Angerezi m'chaka cha 1891, katundu ali kuyenda pamitu pa amtengatenga, ndipo Azungu ali kunyamulidwa pa machila; palibe amene akanalota kuti adzukulu a onyamula machilawo adzakhala akatswiri a chipangizo chimenechi.

Njinga zamoto zitayamba kufika ku Nyasaland, eni ake anali abwanamkubwa a boma, eni minda ya fodya ndi ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, ndiponso amishoni, amene anaona kuti mthuthuthu ungathe kudutsa m'tinjira ta kumudzi m'mene galimoto silikanalowa, ndi kufikitsa mbusa kapena wansembe ku mipingo ingapo pa sabata imodzi. Zambiri mwa njingazo zinali za ku Britain, monga BSA, Triumph, Norton, AJS ndi Matchless, ndipo m'kupita kwa nthawi pafupifupi zonse zinali ndi kabuleta ya Amal, kampani ya ku Birmingham imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1927 pamene makampani atatu, AMAC, Binks, ndi Brown and Barlow, anaphatikizana. Akuluakulu amene anagwirapo njinga zimenezo amakumbukira kabatani kamene munthu ankakadina m'mawa kufikira petulo atasefukira pazala, pofuna kuti injini yozizira ilire msanga; amakumbukiranso BSA Bantam, kanjinga kopepuka kamene kanayamba kupangidwa m'chaka cha 1948, kamene mwini wake ankathira oyilo m'thanki pamodzi ndi petulo, nagwedeza njinga yonse kuti zisanganikirane.

Komatu Birmingham anali kutali. Chitsulo chikatha, munthu ankalemba kalata, nadikira kuti katunduyo akwere sitima ya pamadzi kufika ku Beira, kenaka akwere sitima ya pamtunda kubwera ku Limbe. Ndipo mlatho wa pa Zambezi usanamangidwe m'chaka cha 1935, katunduyo ankayeneranso kuwoloka mtsinjewo pa bwato. Miyezi inkatha njinga ili chigonere pakhonde. Kutalika kwa ulendo kumeneku ndiko kunabala amisiri athu oyamba, pakuti amene sangathe kugula chatsopano amaphunzira kuukitsa chakale. Ena anaphunzira pa mishoni, ku Livingstonia ndi ku Blantyre, kumene ntchito zamanja zinkaphunzitsidwa pamodzi ndi kuwerenga. Ena m'magalaja a boma ndi a m'maesiteti. Ena kunkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kumene asilikali ambiri a King's African Rifles anaphunzira kuyendetsa ndi kukonza magalimoto. Ndipo ena ochuluka anabwera nalo lusoli kuchokera ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku Joni, kumene anagwira ntchito zaka zambiri ali othandizira amakaniko achizungu, kuwapatsira masipanala ndi kutsuka zitsulo, maso ali tcheru.

M'badwo umenewo unali ndi nzeru zake zimene sizinalembedwe m'buku lililonse la kampani. Fuloti ya mkuwa ikabooka nilowa petulo, mmisiri ankaimiza m'madzi otentha, nayang'anira pamene patuluke thovu, ndipo akapapeza ankaitsanula, naiumitsa, namata pabowopo ndi mtovu wochepa kwambiri, podziwa kuti akachulutsa fuloti ilemera ndipo petulo asefukira. Gasiketi ikang'ambika ankadula ina pa chikatoni cholimba. Makabuleta a Amal, makamaka Monobloc ya m'ma 1950 ndi Concentric imene inatuluka m'chaka cha 1967, anali a chitsulo chofewa, kotero kuti munthu wamphamvu zake akamanga manati awiri a kukamwa mopyola muyeso, kamwalo linkapindika ndi kulowetsa mpweya wakuba; tsono mmisiri ankayala sandipepa pa galasi, napekesa kamwalo mozungulira, modekha, kufikira litawongoka. Akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo palibe ntchito ina imene mwambiwu unaiyenera koposa iyi.

Chida chachikulu cha amisiriwo chinali khutu, ndipo chachiwiri chinali diso. Ankamvetsera kulira kwa injini, nazindikira ngati ikubanika ndi petulo wambiri kapena ikufa ndi ludzu. Ankamasula pulagi, naiwerenga ngati kalata, pakuti pulagi yakuda ndi mwaye imanena kuti petulo wachuluka, yoyera mbuu imanena kuti wachepa ndipo injini ikutentha kufikira pisitoni ingabooke, pamene yofiirira imanena kuti zonse zili m'malo mwake. Mnyamata wophunzira ankatha nyengo yaitali akungotsuka zitsulo mu palafini, ndipo tsiku limene mbuye wake ankamulola kutembenuza kasikuluwu ka mpweya pa njinga ya kasitomala linali tsiku la ulemu waukulu.

Dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1964, mphepo inali itayamba kale kuwomba kuchokera kwina. Kampani ya Honda inatulutsa Super Cub m'chaka cha 1958, ndipo posakhalitsa Yamaha, Suzuki ndi Kawasaki anadzaza misika ya dziko lapansi ndi njinga zopepuka, zosadontha oyilo, zolira ndi kiki imodzi. Koma BSA, imene m'zaka za m'ma 1950 inkapanga njinga zamoto zambiri koposa kampani ina iliyonse, inagwa m'chaka cha 1973. Makabuleta a njinga zatsopanozi anali a Mikuni ndi Keihin, ndipo mmisiri wozolowera Amal sanasokonezeke nawo kwenikweni, popeza Mikuni anayamba kupanga makabuleta m'zaka za m'ma 1930 ndi chilolezo cha Amal yemweyo, ndipo maziko ake anali amodzi. Chimene chinamupweteka m'thumba chinali zida: masipanala ake a muyeso wa Whitworth sanalinso kugwira manati a mamilimita, ndipo masikuluwu a ku Japan, ooneka ngati a mtanda wamba koma osemedwa mosiyana pang'ono, ankakumbika mitu akagwidwa ndi sikuludiraiva yolakwika. Kufikira lero, ukaona kambale ka kabuleta yakale kali ndi masikuluwu ochekedwa pamutu ndi sowo, udziwe kuti panadutsa nkhondo imeneyi.

M'chaka cha 1975 Honda anatulutsa CG125, njinga imene amisiri ake anaikonza atayendera maiko a ku Asia ndi kuona m'mene anthu osauka amasenzetsera njinga katundu wolemera, osasintha oyilo kufikira injini itafa. Chotero anaipanga yolimba ndi yosavuta kumasula. Njinga zoterezi, pamodzi ndi Yamaha DT ndi AG, ndizo zinakhala miyendo ya boma ndi ya mabungwe m'midzi. Mlangizi wa zaulimi, woyendera masukulu, wa zanyama, wa zaumoyo wonyamula katemera, onsewa ankadziwika ndi kulira kwa njinga zawo asanatulukire, ndipo chifukwa cha iwo umakaniko wa njinga unachoka m'mizinda, nukakhazikika pa maboma ndi pa timisika ta kumidzi, pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi chigayo.

Kumeneko mmisiri anakumana ndi adani a kabuleta amene dziko lathu lomwe limabala. Woyamba ndi fumbi la m'chilimwe, limene likatseka sefa ya mpweya injini imayamba kumwa petulo mwauchidakwa ndi kufuka utsi wakuda; ndipo mwini njinga wosafunsa akachotsa sefayo kuti njinga ipume, fumbilo limalowa, nilipera silaidi ndi singano, nilikathera mu silinda, monga akale ananenera kuti safunsa anadya phula. Wachiwiri ndi kukwera ndi kutsika kwa dziko, pakuti ku Nsanje kuli pa mamita osafika 100 kuchokera pamwamba pa nyanja yaikulu, pamene ku Dedza kuli pa mamita oposa 1,500, ndipo mpweya wa kumapiri ndi wopepuka. Njinga yotchunidwa ku Chigwa cha Shire ikakwera kumtunda imachulukidwa petulo nilefuka, ndipo yotchunidwa kumtunda ikatsikira kuchigwa imachepekedwa nitentha. Mmisiri wodziwa amasuntha kakilipi ka pa singano, kukatsitsa kapena kukakweza mzere umodzi, atafunsa kaye kumene mwini njingayo amayenda masiku onse.

Mdani wachitatu anadza ndi mbiri ya dziko. Mafuta atakwera mtengo padziko lonse, ndipo nkhondo ya ku Mozambique itayamba kutseka njira za ku Beira ndi ku Nacala, Malawi anayamba kupanga ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe ku Dwangwa m'chaka cha 1982, kuti azisanganizidwa ndi petulo. Ndipo m'chaka cha 2004 fakitale ina ya PressCane inatsegulidwa ku Chikwawa. Nzeruyi inapulumutsa ndalama zakunja, ndipo njoyamikika. Koma ethanol amakoka chinyezi cha mumpweya, amafewetsa mphira wa mtundu wakale, ndipo njinga ikaima miyezi petulo ali m'kambale, pansi pake pamatsala madzi, chitsulo chimachita nguwi yoyera, ndipo jeti yaing'ono, imene bowo lake ndi losaposa kukula kwa singano yosokera, imatsekeka. Pamwamba pa izi panadzanso zaka za kusowa kwa mafuta, makamaka 2011 ndi 2012, pamene anthu ankagona pa mizere, ndipo ena ankagula petulo wa m'zigubu, wina wosanganizidwa ndi palafini, wina wa zinyalala ndi dzimbiri. M'masiku amenewo amakaniko anatsuka makabuleta ambiri koposa kale lonse.

Pa kutsuka kumeneku mpamene pamaoneka kusiyana kwa amisiri. Waulesi amatenga kawaya ka chitsulo ka ku kebulo, natokosa jeti, ndipo njinga imalira nthawi yomweyo, kasitomala nakondwa. Koma popeza mkuwa ndi wofewa kuposa chitsulo, bowolo lakula, ndipo kuyambira tsikulo njingayo idzamwa petulo woposa muyeso masiku onse a moyo wake. Wosamala amaviika jetiyo, naipemerera ndi pampu, naiyang'anitsa kudzuwa kuti aone ngati bowo labwerera pa kuzungulira kwake. Ndipo asanabwezere kabuleta amayamba watsuka thanki ndi kasefa ka pa mpopi, podziwa kuti kutsuka kabuleta thanki ili ndi dzimbiri n'kungoitana kasitomala kuti abwerenso mawa. Bungwe la Riders for Health, limene linayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 pamene oliyambitsa anaona njinga za zaumoyo zitatayidwa ku Somalia chifukwa chosowa chisamaliro chaching'ono, ndipo lero limanyamula magazi ndi makhololo okayezetsa pakati pa zipatala za m'Malawi, linamanga ntchito yake yonse pa mfundo imene amisiri athu abwino anaidziwa kale, yakuti njinga imasamalidwa isanadwale.

M'badwo wachitatu ndi uno wa kabaza. Mizinda ina ya ku China italetsa njinga zamoto m'misewu yake, monga anachitira Guangzhou m'chaka cha 2007, mafakitale a kumeneko ndi a ku Chongqing anatembenukira kwambiri ku misika yakunja, ndipo anatumiza ku Africa njinga zotsika mtengo, zambiri mwa izo zotengera injini ya CG125 ija. Amalonda a ku India nawonso anabweretsa Bajaj Boxer ndi TVS. Kuyambira m'zaka za m'ma 2010 anyamata amene kale ankapalasa kabaza wa njinga yakapalasa anakwera pa njinga zamoto, zina zogulidwa m'masitolo a m'tauni, zina zolowa kuchokera ku Mozambique. Ndipo ku Ndirande, ku Limbe, ku Mchesi, ku Biwi ndi pa msika uliwonse wa kumudzi panadzaza timashopu ta masipeyala, m'mene kabuleta yatsopano, yopangidwa motsanzira Keihin, imapachikidwa m'kabokosi pafupi ndi matcheni ndi mababu.

Apa mpamene funso lakale linatembenuka. Agogo a umakaniko ankakonza chifukwa chatsopano kunalibe. Mdzukulu wawo ayenera kusankha, ndipo kasitomala wake, amene ayenera kupereka ndalama ya tsiku kwa mwini njinga madzulo alionse, safuna kuima maola atatu. Nthawi zina kusintha ndiko nzeru, ndipo palibe manyazi pamenepo: thupi la kabuleta likang'aluka, mazinga a masikuluwu akatha, njira ya silaidi ikakula kotero kuti silaidiyo ikugwedera ndi kulowetsa mpweya, kapena tinjira ta m'kati tikadyeka ndi nguwi, palibe luso limene lingaibwezere unyamata. Koma kawirikawiri chimene chafa ndi kasingano ka fuloti, kamphira kapena jeti yotsekeka, ndipo munthu amataya kabuleta ya ku Japan imene yatumikira zaka 30, nagula yonyezimira imene majeti ake sanayesedwe pa injini yakeyo, nsonga ya mphira ya kasingano kake ka fuloti nifewa nyengo ya mvula isanathe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Amisiri ochenjera, akakakamizika kugula yatsopano, amasamutsiramo majeti ndi singano za yakaleyo ngati zikukwana, naitchuna injini itatentha. Ndipo yakaleyo saitaya, koma amaisunga m'chitini, pakuti tsiku lina idzapulumutsa njinga ya munthu wina.

Ngakhale zili chomwecho, masiku a kabuleta ndi owerengeka. Kampani ya Kawasaki inagulitsa njinga yopopera petulo ndi magetsi, molamulidwa ndi kakompyuta, m'chaka cha 1980. Malamulo oletsa utsi ku Ulaya anapititsa njira imeneyi patsogolo. Ndipo India atakhwimitsa malamulo ake mu April 2020, njinga zambiri zogulitsidwa m'dzikomo zinaleka kabuleta yakale, chingakhale zotumizidwa kuno zambiri zikali nayo. Njira yatsopanoyi imasunga petulo, imachepetsa utsi, ndipo imadziyesera yokha pokwera ku Dedza ndi potsikira ku Nsanje. Koma ikadwala siimva khutu la mmisiri, imafuna chida chowerengera kakompyutako, ndipo mbali zake zambiri sizimasulidwa, zimangosinthidwa. Pambuyo pake pakubweranso njinga za batire, zimene zilibe thanki n'komwe. Chakudza sichiimba ng'oma.

Chifukwa chake iwo amene ali ndi udindo wophunzitsa achinyamata, kaya m'masukulu a ntchito zamanja a ku Soche, Lilongwe, Nasawa ndi Mzuzu, kaya pansi pa TEVETA imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1999, kaya ambuye a magalaja a m'mbali mwa msewu amene ndiwo aphunzitsa ochuluka koposa onse, achite ziwiri pamodzi. Agule zida zatsopano msanga, kuti ntchito ya mawa isadzakhale ya makampani ogulitsa njinga okha, mwini njinga wa ku Mitundu kapena ku Chitipa nadzasowa womuthandiza pafupi. Koma asaleke kukhazika wophunzira pansi ndi kabuleta yakale, kuti aimasule ndi kuimanganso kufikira atamvetsa chifukwa chake injini imabanika, chifukwa chake imatentha, ndi chimene chimachitika petulo ndi mpweya zikasiyana muyeso. Pakuti kakompyuta kamene kakubwerako kakuchita ntchito yomweyo imene fuloti, jeti ndi singano zinkachita poyera. Ndipo mnyamata amene anaiona ndi maso ake adzadziwa chofunsa makinawo akayamba kunama, pamene mnzake wongodziwa kumasula ndi kumanga mabokosi adzasintha chitsulo ndi chitsulo, ndalama za mwini njinga zili kutha, nthenda ili pomwepo.